Benchi Ino Siyogulitsa

Ngati anthu anakuuzanipo kuti "ingokhalani pansi, zanu zinatha," imvani za bambo ena amene anzawo ankangowaitana kuti a Dalaivala.

Mwana wawo wamkazi anawapeza m'kashedi ka kuseri kwa nyumba ali pansi pa utuchi, magazi akuchucha pabondo. Sowo inali itapulumuka pa thabwa n'kuwacheka. Pa benchi panali timatabwa tokhotakhota timene ankafuna kuti tikhale felemu ya chithunzi.

Bambowa anakalambira pa chiwongolero cha malole. Akabwerako ku maulendo ankapumulira m'kashedimo, kupanga mafelemu pamanja. Sankagulitsa, ankangopatsa anthu: amene wakwatira, amene wabereka, amene wamaliza sukulu. Kenako inabwera sitiroko, n'kuwalanda lole ndi dzanja lamanja lomwe. Dzanjalo linangotsala lendelende ngati mkono wa malaya opanda munthu.

"Adadi, mukufuna tikuikeni m'manda chifukwa cha timatabwa?" anatero mwanayo akumanga balalo, misozi ili mbwembwembwe. "Tagwirizana ndi amuna anga. Mwezi ukatha, kalipentala wa kumsika uja adzabwera kudzagula benchi ndi zida zonse."

"Kodi ndafa?" anafunsa a Dalaivala. "Katundu wa munthu amagawana maliro atatha."

"Si choncho, adadi."

"Ndiye mpaka tsikulo shedi ndi yanga. Wina asandiletse."

Mwanayo sanali woipa mtima ayi, ankawakonda bambo ake. Koma pali chikondi china chimene chimakukhazika pampando n'kukufunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo. A Dalaivala ankadziwa kuti benchi ikangotuluka pa geti, chowatsalira n'kukhala pakhonde kumawerenga magalimoto a eni ake.

M'mawa mwake analowanso m'shedi akutsimphina.

Dzanja lamanzere linali mlendo pa ntchitoyi. Felemu imafuna kuti nsonga za matabwa zidulidwe mopendeketsa, ina kuyang'ana uku, inzake uko, kuti zikakumana pangodya zipsompsonane. Koma mutu ukati uku, dzanjalo linkapita uko. Tsiku lina anadula nsonga zonse kupendekera mbali imodzi, ndipo poti alumikize chinatuluka chinthu chokhotera kwina ndi kwina.

Mkamwini wawo anasuzumira pakhomo. "Apongozi, imeneyi ndi felemu ya chithunzi cha mphezi?"

"Sekani, akamwini. Mano ndi anu."

Mkamwini atachoka, a Dalaivala anaponya sowo kukhoma n'kulira. Analira ndithu, kulira kwa ukali, munthu wamkulu amene kale ankabweza lole chambuyo m'kanjira kopapatiza osagunda kanthu. Atatha anapukuta nkhope ndi malaya n'kukatola sowo ija.

Ali chikhalire anazindikira pamene panagona vuto. Kale lamanja linkacheka, lamanzere n'kumagwira thabwa. Tsopano wogwira uja wakwezedwa pa ntchito, ndipo pa mpando wake palibe munthu. Ndiye anati benchi igwire yokha.

Anakhomera timitengo pabenchi kuti thabwa lizilowa pakati osagwedezeka. Msomali ankauimika ndi pegi yoyanikira zovala kuti apeze pomenya. Anasema kampata koti sowo izidutsamo osasochera. Asanadule, ankayamba walemba ndi choko mbali imene idzayang'ane chithunzi. Akapaka guluu, ankazenga felemu yonse ndi mphira wa chubu cha njinga, nsonga ina ya mphirawo atailuma ndi mano.

Ngakhale dzanja lakufa lija sanalisiye. Ankalinyamula n'kulitsamiritsa pathabwa kuti lilemeretse.

"Nawenso gwira ntchito," ankaliuza. "Muno mulibe zodya zaulere."

Musaganize kuti zinangoyenda pomwepo. Felemu ina inatuluka ndi mipata yoti nyerere n'kudutsa itasenza katundu. Ina inathyoka akuikoka ndi mphira. Ina inaoneka bwino pabenchi, koma ataiimika kukhoma inkagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi. Mayi oyandikana nawo nyumba anasiya kugula nkhuni, ankangobwera kudzatola zolephera za a Dalaivala, n'kumathokozanso. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi unatha. Kalipentala anafika ndi kagalimoto kake, mwana ndi mkamwini ali pambuyo. Anapeza a Dalaivala ataima pabenchi, choko kukhutu.

"Fikani, amisiri. Musananyamule kanthu, tandionereni ichi."

Anamupatsa felemu. Kalipentala anaitembenuza uku ndi uku, anaipotokola kuti aone ngati ilira, koma inangoti zii. Anatuluka nayo panja n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Kenako anayendetsa chikhadabo pangodya iliyonse, ndipo pa yomaliza chinakodwa.

"Ngodya iyi sinakhale bwino, bambo."

"Ndaiona. Ndiikonza mawa, pabenchi yomweyi."

Kalipentala anayang'ana timitengo tokhomera tija, pegi, ndi mphira wodzaza zipsera za mano. Anaika felemu pabenchi pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa mwana uja.

"Mayi, munandiuza kuti mukugulitsa zida za munthu amene anasiya ntchito. Munthuyo ali kuti? Ine sindilanda sowo m'manja mwa mnzanga."

Anatsanzika, kagalimoto kake kanabwerera kopanda kanthu. Mkamwini anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kutsogolo kwa nyumba.

Mwanayo anatsala chiimire pakhomo. "Nanga mukadzichekanso, adadi?"

"Udzandimanga. Bala limapola, mwanangu. Kungokhala ndiko kukanandipha, iwe uli pompo ukundiyang'ana."

Mwanayo analowa m'shedimo. Kenako anavula wotchi, anapinda manja a bulauzi, n'kufunsa kuti sandipepa wosalalitsira matabwa amasunga pati.

Dzanja lamanja lija silinadzuke mpaka lero, ndipo sindikunamizani kuti lidzadzuka. Mafelemu awo amatenga nthawi, ndipo ena amakathera kwa mayi a nkhuni aja. Koma m'kashedimo sowo ikulirabe.

Inu amene matenda, ngozi kapena ukalamba zakudulani mbali imodzi, adzabwera anthu, ena okukondani zedi, kudzakupumitsani musanatope. Athokozeni, koma muwakanire. Yang'anani chimene chatsala, kaya ndi dzanja limodzi, kaya ndi mano okha, muchipatse ntchito. Mukalephera lirani, mukatha mudzuke mukayesenso. Mtima wokhawo musautaye, ndipo musalole munthu kukuikani m'manda mukupumabe.