Mawu a Nabanda mu Doketi ya ku Mlolo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Anamva kukwaya kuti kaofesi ka paparishi kothandiza anthu pa zamalamulo, pa boma la Chadiza, kakufuna wodziwa kutaipa. Munali m'ma 1990, nditangomaliza Giredi 12. Bwana wanga anali a Mwale, amene anapuma ntchito ya ukalaliki wa kukhoti. Anandipatsa taipilaita yolimba mabatani ndi mapepala a kaboni.

Miyezi itatu itadutsa kunabwera a Zhuwao, mlimi wa ku Mlolo amene anathawa nkhondo ku Mozambique. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, munthu wina wogula thonje anapezeka ataphedwa m'njira yakudimba. Apolisi anagwira a Zhuwao, kenaka n'kuwamasula, mlandu n'kungozizira. Tsopano a Laston, mwana wa malemuyo, anali atabwera kuchokera ku Lusaka kudzakakamiza kuti awagwirenso.

Loya wina wa ku Chipata anatipezera makope a doketi, mapepala onse a apolisi a mlanduwo. A Mwale anandiuza kuti nditaipenso tsamba lililonse, ndikuchonga pamene deti, dzina kapena siginecha zikusemphana. "Usayambe n'kunena kuti apolisi analakwa," anatero. "Ona kaye zimene anachita bwino." Mapu a malowo anali olondola, lipoti la dokotala lomveka. Koma mlandu wonse unatsamira pa sitetimenti imodzi ya mboni, mayi wa ku Mlolo komweko dzina lake Nabanda, yolembedwa m'Chingerezi tsiku lotsatira imfayo, pansi pali chidindo cha chala. Inkati: dzulo ndinaona Zhuwao m'njiramo atanyamula nkhwangwa.

Tinapalasa njinga mpaka ku Mlolo. A Laston anaumirira kukhalapo, ndipo a Mwale anavomera. Tinakhala pakhonde pa Nabanda, ine n'kuyamba kumasulira pepalalo m'Chichewa. Ndinkadziwa kuti mayiwo akangovomereza, a Zhuwao abwerera m'chitokosi.

Nditafika pa "dzulo", Nabanda anandiimitsa.

"Mwanawe, bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ine ndinati dzana. Tsiku limene anafa bambo awo a Laston awa, ndinali kukiliniki ndi mwana wanga, akuchira. Ndinabwerako mawa lake, n'kupeza apolisi pamudzi."

"Mukukumbukira bwanji zakale chonchi, amayi?" anafunsa a Laston, mawu ali olimba.

Nabanda analowa m'nyumba n'kutulutsa kadi yakusikelo ya mdzukulu wawo, yokutidwa m'pepala la pulasitiki. Deti lobadwa linali lomwelo la imfa ija. Panalibe amene anawawerengera sitetimentiyo m'chilankhulo chawo asanadinde chala.

A Laston anayang'ana kadiyo nthawi yaitali. "Ndiye anapha bambo anga ndani?"

"Sitikudziwa," anayankha a Mwale. "Ndipo pepala ili silikudziwanso."

Pochoka, a Laston anagwira chanza Nabanda. Ine ndinataipa lipoti lathu, makope atatu, loya n'kulipereka kumene linkayenera. A Zhuwao sanagwidwenso. Titakawauza, anakhala pansi pa nkhokwe n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Wakupha uja mpaka lero sanadziwike, ndipo zimenezo zimandiwawabe ndikakumbukira a Laston.

Pambuyo pake ndinagwira ntchito yomasulira m'makhoti zaka zambiri. Munthu asanadinde chala, ndinkamuwerengera mawu ake onse, pang'onopang'ono, ngakhale ondidikira atakwiya, kenaka n'kumufunsa ngati ndi zimenedi ananena.