Ndinkangogwira akakolo a mnzanga

Loweruka lapitali ndinaonera mpira nditakhala pansi pa mtengo wa mango, ntchafu nditaimanga bandeji. Jezi nambala seveni, yomwe ndavala zaka ziwiri mu timu ya kwathu ku Malindi, inali pamsana pa mnzanga Yusufu. Anagoletsa zigoli ziwiri. Ndinaomba m'manja ngati wina aliyense, koma mundikhululukire awerengi, mumtima ndinkalakalaka ataphonya.

Ndikuuzeni m'mene zinayambira.

Miyezi itatu yapitayo a kochi athu, a Phiri, omwe ndi aphunzitsi ochokera ku Dedza, anabweretsa masewera achilendo. Munthu umagwada pamchenga, mnzako n'kukugwira akakolo. Kenako umadzitsitsa chakutsogolo pang'onopang'ono, msana uli chiwongokere, mpaka mphamvu zikuthere, ugwire pansi ndi manja. Basi. Palibe kulumpha, palibe kunyamula chitsulo.

Tsiku loyamba amayi ochokera kogula usipa kunyanja anaima n'kumationerera. Mmodzi anakuwa kuti, "Inu anyamata, mukugwadira ndani? Apongoziwo ali kuti?" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ine manyazi anandigwira. Ndinadzuka msanga, n'kusasa mchenga m'mawondo.

"Aise, gwada iweyo," ndinamuuza Yusufu. "Ine ndizikugwira."

"Aziseka," iye anatero. "Ine ndimagwada kasanu patsiku, mawondo angawa anazolowera kalekale."

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, ine ndinali wogwira. A kochi akafunsa ngati nanenso ndachita, ndinkangoti eya, maso ali pansi.

Masabata awiri apitawa, ndikuthamangira mpira, ndinamva kuti thwaa kumbuyo kwa ntchafu, ngati wina wandigenda. Kuchipatala anati mnofu wang'ambika.

A Phiri atabwera kudzandiona sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandifotokozera modekha kuti mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu uli ngati mtolo wa timaulusi. Pothamanga, mwendo ukaponyedwa kutsogolo, mnofuwo umakokeka kwinaku ukugwira mabuleki kuti mwendo usapitirire. Timaulusi tikakhala tatifupi, pamenepo m'pomwe timaduka. Kudzitsitsa pang'onopang'ono kuja kumazoloweza mnofu kugwira ntchito uku ukukokeka, ndipo pakapita masabata timaulusi timatalikadi, mnofu n'kukhuthala.

"Wa mnzako wasintha m'kati," anatero. "Wako unali womwe uja."

Tsono taganizani. Timaulusi ta Yusufu tinatalikira m'manja mwanga!

Sindikufuna kunena aliyense, koma anyamata ambiri kuno timakonda mphamvu zooneka. Pitani kuseri kwa nyumba zina ku Mangochi boma, mukapeza simenti youmitsidwa m'zitini, anthu akukweza kuti chifuwa chitukuke. Akakweza amangoponya pansi. Kutsitsa sitikuwerengera ngati ntchito. Koma funsani mayi amene amatula yekha beseni la nsomba pamutu, akuuzani kuti povuta m'potsitsa. Nanga kumbuyo kwa ntchafu amakuyang'ana ndani? Ndi pagalasi pomwe sikuoneka.

Langa vuto silinali ulesi. Ndinaopa kusekedwa. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ine andiphera nambala seveni. Chondiwawa n'chakuti amayi omwe aja anaiwala kale zoti anatiseka. Loweruka ndi omwe ankaimba dzina la Yusufu, zitenje zili m'chiuno. Kodi ndi zinthu zingati zimene timazisiya chifukwa cha kuseka kwa munthu wongodutsa?

A Phiri potsanzika ananena zinthu ziwiri. Choyamba, ndikachira, jezi idzapita kwa amene miyendo yake ikuthamanga bwino panthawiyo. Chachiwiri, kusintha kwa mnofu kuja sikukhala mpaka kalekale. Munthu akasiya masewerawo kwa masabata angapo, timaulusi timayamba kubwerera mwakale. Iwo ankandilangiza, koma ine, ndikuvomera, ndinaganiza za miyendo ya munthu wina.

Dzulo Yusufu anabwera kwathu atanyamula nthochi.

"Mwendo ukuti bwanji, aise?"

"Pang'onopang'ono."

"Uchira. Koma Lachiwiri ubwere ku bwalo. Anyamata enawa sadziwa kugwira, amandisiya ndigwe chamutu, mpaka ndafuna kungowasiya masewera ogwada aja. Manja ako sanavulale, eti?"

Ndikanatha kunena kuti adokotala aletsa kuyenda. Palibe akanandidzudzula, ngakhale a kochi amene. Ndinayang'ana nthochizo, ndinayang'ana ntchafu zake zodzaza kabudula, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndibwera." Pakamwa pangapa sipanaphunzire kukana.

Choncho Lachiwiri ndipita, motsimphina. Ndikagwira mwamphamvu, poti sindidziwa kugwira mwachinyengo. Koma ndiuzeni inu odziwa zambiri kuposa ine: kodi munthu amagwira bwanji akakolo a mnzake amene akuthawa ndi malo ake, mtima osamuuza kuti tayako pang'ono?