Kampira ka Dirilo ndi Sefa ya a Nabanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha ayironi ya amayi. Ndinali nditamaliza maphunziro a zamagetsi, koma chaka chathunthu ndinangokhala pakhomo ku Senga Bay. Tsiku lina ndinakagula chingwe cha ayironiyo pashopu ya a Saidi, mkulu wokonza zida za amisiri omanga. Ataona momwe ndinamangira pulagi pakauntala pomwepo, anati, "Mubwere Lolemba. Ndikuyesani mwezi umodzi."

Zambiri zomwe zinkabwera zinali madirilo oboolera konkire, aja amazungulira kwinaku akumenya ngati hamala. A Saidi anandiphunzitsa kuyamba ndi mphuno ndi khutu. Ikanunkha chopserera, ona mabulashi, timakala tija ta m'mota. Ikamazungulira osamenya, ndiye kuti kamphete ka mphira ka papisitoni katha, kapena girizi wauma. Koma lamulo lawo lalikulu linali loti dirilo imamasulidwira m'nyumba, m'thireyi. Ine, wa satifiketi, ndinkati ndi zaukalamba chabe.

Sabata yomaliza ya mwezi woyesedwawo, Lachinayi lotentha koopsa, a Saidi anapita kuboma. Ndiye kunabwera a Jafali, mmisiri amene ankaika thanki ya madzi pamzikiti, atanyamula dirilo yosamenya.

"Achemwali, mawa ndi Ijumaa," anatero. "Paipi ikapanda kulowa pakhoma lero, anthu adzasamba bwanji asanaswali?"

M'shopu malata ankachita kuwotcha mutu, choncho ndinayala saka panja, pansi pa mtengo wa mango. Ndinachotsa kachipewa ka mphira kukamwa kwa dirilo, sipuling'i, kenako n'kufika papisitoni. Kamphete kanalidi katatha. Ndinaika katsopano, n'kupaka girizi, mtima uli m'malo. Pobwezeretsa zonse m'pamene ndinaona kuti kampira kachitsulo, kochepa ngati nandolo, kaja kamagwira chitsulo choboolera kuti chisagwe, panalibe. Kanali katagwera mumchenga, ndipo kena kofanana nako kakanachokera ku Lilongwe. Ndinachita mantha zenizeni, chifukwa ndinadziwa kuti ntchito yanga yalowa mumchenga momwemo.

Ndinayesa maginito a sipikala ya wailesi yakale. Mchenga wa kwathu uli ndi timchenga takuda tomata kumaginito, ndiye anangotuluka ndi ndevu, kampira ayi. A Nabanda, omwe ankakazinga mandasi pafupi, anatopa n'kundionera.

"Mwana wanga, chogwera mu ufa sitisaka ndi maso," anatero, akundipatsa sefa yawo.

A Saidi potsika minibasi anatipeza atatu titagwada. A Jafali ankawola mchenga ndi manja, ine ndikusefa, a Nabanda akulamula ngati kapitawo. Tinapeza minga ya usipa, zitsekerero za mabotolo, batani. Pa ulendo wina kanthu kanalira musefamo, ndipo kanali komweko.

Ndinakatsuka ndi parafini, n'kukamangira m'nyumba, m'thireyi, popanda wondiuza. Nditayesa pachidutswa cha konkire, dirilo inamenya mpaka mano anga kugwedezeka. A Jafali anati "Alihamudulila," n'kukwera kabaza.

Tsono ndinaima kudikira mawu onditsanzika. A Nabanda anakana kulandira sefa yawo. "Mandasi a mchenga adye ndani?" Ndinawalonjeza ya amayi. A Saidi anatenga sefa yokanidwayo, n'kukhoma msomali pamwamba pa tebulo langa, n'kuipachika.

"Lolemba mubwere," anatero. "Kukatentha, muziyang'ana apo."

Ndinagwira nawo zaka zinayi. Lero ndili ndi shopu yanga ku Chipoka, ndipo kumatentha kuposa uko, koma dirilo ndimamasulira m'thireyi, thukuta lili kamukamu. Sefa ija ndinasamuka nayo. Makasitomala akafunsa ngati ndimagulitsanso mandasi, ndimawauza kuti pa zida zanga zonse, chimenecho chokha n'chomwe chinagwira ntchito tsiku limodzi, ndipo chikundilerabe.