Mapu Amene Ndinagula ndi Magolovesi

Mapuwo anali achikasu ngati mano a wosuta fodya, ndipo ankanunkha chinyontho. Ndinawapeza m'nyengo yozizira yoyamba titasamukira kutsidya la nyanja, mumzinda wa Oshawa, ndili ndi zaka khumi. Aphunzitsi anali atatiuza kuti aliyense abweretse chinthu chosonyeza kwawo, ndipo ine ndinali nditatopa ndi anzanga amene ankati Malawi ndi dzina la tinsomba toweta m'galasi.

Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anali ndi mapu akale a Africa, a agogo ake. Panali nyanja yaitali yolembedwa kuti Maravi, pambali pake njovu ziwiri. Anafuna chipewa, sikafu ndi magolovesi anga. Ndinanenerera mpaka anavomera magolovesi okha. Ndinafika kunyumba zala zili gwa ngati makaka, mtima uli mbee kuti ndamudyera masuku pamutu.

Lero ndimagulitsa magalimoto akale ku Mississauga, koma palibe anandipusitsaponso ngati mtsikana uja. Tsiku lomwe lija, malume anga atatembenuza pepalalo, kuseri kunali kalendala ya kampani ya inshuwalansi. Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Bizinesi waiyamba bwino, mphwanga."

Ndinapita nawobe kusukulu. Aphunzitsi anati ngakhale ndi kalendala, chithunzicho n'cha mapu enieni akalekale. Wojambulayo sanapondeko kwathu. Anangomva kwa amalonda achipwitikizi, ndipo pamene nzeru zamuthera ankaikapo njovu. Amenewo ndiwo malonda: pobooka umatseka ndi chokongola. Mapu otere ankagulidwa ndi mafumu ndi eni zombo, ofuna kudziwa njira yopita kumene kuli minyanga, golide ndi anthu oti awagwire ukapolo. Zimenezo zinandidutsa pamutu. Ine ndinali kalikiliki kuuza anzanga kuti njovu ziwirizo ndi za malume, ndipo sabata yonse ndinadya maswiti aulere.

Amayi anakalipa za magolovesi masiku atatu, kenako anamata mapuwo pafiriji. M'mawa wina, atavala kale yunifolomu ya kunyumba yosamalirako okalamba, anayendetsa chala kufuna mudzi wathu. Chala chinaima poyera, popanda dzina, popanda ngakhale njovu. Ndinati mapu ndi abodza amenewa, ndikabweza lero lomwe.

"Asiye," anatero akumanga nsapato. "Bola sanatilembe."

Anatuluka akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinatsala ndikuyang'ana poyera paja, wokhumudwa, osamvetsa kuti munthu angakondwe bwanji kuti kwawo anthu a zombo sanakudziwe.