Dzimbiri pa Mabogi

Amuna anga anagwira ntchito ya njanji ku Limbe zaka zambiri, kulumikiza ndi kulekanitsa mabogi a katundu. Atanditsatira kutsidya la nyanja ku Bolton, kumene ndinali namwino, ntchito inawakana. Makalata ankapita, mayankho osabwera. Munthu amene kale ankadzutsa mzere wonse wa nyumba ndi likhweru anayamba kutandala pampando, makatani ali otseka. Ndinkaopa kuti ndiwataya akadali moyo.

Mnzanga wina kuchipatala anandiuza za madala opuma ntchito amene ankakumana Loweruka mu holo ya tchalitchi kuyendetsa tisitima tazidole. Ndinayamba ndaseka. Imvi mbuu, koma kusewera ngati ana! Komabe ndinalibe pogwira. Ndinawakokera bambowa kumeneko ngati mbuzi yopita kumsika.

Anabwerako pakamwa patatseguka. "Mayi, anthu aja ndi serious," anatero, jekete asanavule n'komwe. Anandifotokozera kuti mdala aliyense ali ndi nyengo yake, wina ya injini za malasha, wina ya dizilo, ndipo mabogi a nyengo ina saponda njanji ya mnzake. Sitima siimangozungulira. Imatenga katundu pafakitale, kukatula kudoko, n'kubwerera ndi wina. Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo potsuka mbale.

Madala aja anawalimbikitsa kuti amange njanji yawo, ya kwawo, ndipo ikhale yoona, yosakometsera. Analanda kachipinda kathu kam'mwamba kosungiramo masutikesi. Anaika mabogi a tiyi, a fodya, a feteleza, ndi kanyumba ka mlonda ka malata. Ndikaweruka ndinkamva kainjini kakulira pamwambapo, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Dzinja la kuno litafika, lija loti dzuwa limalowa anthu asanaweruke, kainjini kanasiya kumveka. Kutchalitchi kuja anasiyanso kupita. Ndinadikira, ndinadikira, kenako Lamlungu lina masana ndinakwera.

Ntchito anaigwira, bodza n'loipa. Mabogi onse anawapaka utoto wa dzimbiri, mwaluso moti ndinayang'ana chala changa nditakhudza. Pakati pa njanji anameretsa udzu wa siponji. Pansi pa bogi la fodya panagona kambuzi ka pulasitiki.

"Bambo, nyengo imeneyi ndiye iti?" ndinafunsa.

"Imene ndinaisiya," anayankha osacheuka.

"Nanga sitimayo inyamuka liti?"

"Katundu palibe, mayi. Popanda katundu sitima siyenda. Madala aja mukawafunsa akuuzani chimodzimodzi."

Mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa nawo. Ndinawauza kuti ine sindinawoloke nyanja kudzasunga manda m'nyumba ya lendi. Iwo anangopitiriza kupaka utoto ndi kaburashi kawo. Ndiye ndinatambasula dzanja kuti ndikankhe ndekha mabogiwo, asunthe ngakhale pang'ono pokha.

Sanasunthe. Mateyala onse anali atawamata ndi guluu.