Tsiku limene tinathamangitsa laputopu kumafani

Laputopu yoyamba imene ndinaigwira inali ya alamu anga, amuna a achemwali anga, amene ankaphunzitsa masamu ku Makwasa. Anawasiyira ndi mnzawo wina wopita kunja, cha m'ma 2007. Inali yakale ndi yolemera, ndipo ukaiyatsa unkatha kukatunga madzi n'kuipeza isanatsegukebe. Ine pamenepo ndinkagwira ntchito kufakitale ya tiyi, m'chinyumba chofotetsera masamba, momwe mafani akuluakulu amapemerera mphepo tsiku lonse.

Chimene chinatisowetsa mtendere chinali vidiyo ya kwaya yathu, imene munthu wina anatijambula pa msonkhano wa misasa. Tikaiika, nyimbo inkamveka bwino, koma zithunzi zinkatsalira. Achemwali ankayasama n'kuuma choncho, vesi yonse n'kudutsa. Ife tinkaseka mpaka misozi. Iwo ayi.

Tsiku lina alamu anabwera kuchokera ku Limbe, kumene anakafufuza pa intaneti, nkhope ili ngwee.

"Alamu, mankhwala ndawapeza," anatero. "Mkati umu muli kachitsulo kotchedwa purosesa, ndiko kamaganiza. Opanga anakaikira liwiro, koma pali kapulogalamu kokathamangitsa kupitirira pamenepo."

"Nanga sikangapse?" ndinafunsa.

"Kamatentha ndithu. Akuti pa kompyuta yaikulu zimatheka chifukwa mphepo imalowa bwino. Pa laputopu akuti musayerekeze." Anamwetulira. "Koma amene analemba zimenezo alibe mlamu wogwira ntchito kumafani."

Ndinakapempha akapitawo athu, bambo wachikulire wosakonda zoseka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti tibwere Lamulungu masana, bola nawonso aonere.

Laputopu ija tinaikhazika pa njerwa ziwiri pafupi ndi fani, mphepo ikudutsa pansi pake, malaya athu akukupiza. Alamu anakweza liwiro pang'ono, n'kuyatsa vidiyo. Zithunzi zinkatsimphinabe, koma zinali zitayamba kuyenda. Anakwezanso. Pamenepo milomo ya achemwali inagwirizana ndi mawu, kwa nthawi yoyamba. Ndinaona mmene ankapendekera mutu poimba, ndinadzionanso ndekha kumbuyo ndikuponda sitepe yolakwika.

Amayi amene ankatembenuza masamba anasiya ntchito n'kutizungulira. Wina anayamba kuimba nawo, ena n'kulandira, mpaka nyimbo inaposa phokoso la mafani. Alamu ankavina atakhala pansi, mapewa okha. Akapitawo anavula chipewa, akugwedeza phazi.

"Aphunzitsi, onjezani moto," anatero iwo.

Kunena zoona, tonse tinkafuna zomwezo. Alamu anakweza kachitatu. Kwa kanthawi zonse zinali bwino. Kenako nkhope za oimba zinasanduka zobiriwira, mawu anakakamira pa "le-le-le-le", laputopu n'kuzima yokha.

Akapitawo anaikhudza kunsi, n'kubweza dzanja msanga.

"Apa mukhoza kukazingirapo mtedza," anatero.

Mayi mmodzi anayamba kuseka, ndipo zinatifalikira tonse. Alamu ankaseka atagwira mutu, mantha ndi chimwemwe pamodzi, akudina batani losayankha. Ine ndinkaipemerera ndi chipewa cha akapitawo, ngati kuti chifanicho sichinali pomwepo.

Tinadikira ola lathunthu kuti izizire. Alamu atadinanso, kanyali kanayaka, ndipo amayi aja anaimba nthungululu. Pomwepo anachotsa kapulogalamu kaja n'kubwezera liwiro lakale. Laputopuyo inagwirabe ntchito zaka zina ziwiri, kungoti kuyambira tsikulo kunja kukatentha inkazima yokha, moti alamu ankalembera mayeso a ana awo a sukulu m'mawa wokha.

Pobwerera tinadutsa m'minda ya tiyi, tikulandizana chikwama cha laputopu. Tinapeza achemwali atakhala pakhonde akusenda nandolo. Sanapite nafe, ankati ndi zachibwana. Tinawafotokozera zonse, tikulandana mawu. Anamvetsera osakweza maso, kenako anafunsa chapansipansi:

"Ndiye ndinkaoneka bwanji?"