Mapu a eni ake, mizere ya mayi anga

Dziko lidziwe kuti kuchokera pa Chisepo mpaka kumapiri a Ntchisi palibe katswiri wa mapu woposa ine. Ndinaphunzira zoyeza malo kukoleji. Miyezi isanu ndi iwiri. Yotsalayo akoleji anandipempha mwaulemu kuti ndikamalizire kunyumba.

Lolemba ndinalowa m'sitolo ya a Yusufu kukagula machesi. Ndinawapeza akumasula belo la kaunjika, ndipo m'thumba la chijasi china munatuluka chipepala chopindapinda, chofiirira ngati fodya wa m'chigafa.

Anali mapu akalekale a tauni ina ya ku Ulaya, ya mafakitale oluka nsalu. Abale, anthu aja sankasewera. Fakitale iliyonse ndi chumuni chake. Nyumba za antchito ndondondo, iliyonse nambala yake. Ngalande yotayira madzi a utoto. Ngakhale zimbudzi anazijambula, kuopa kuti wina angadzasunthe cha mnzake.

"Mugula, kapena tikulungire usipa?" anafunsa a Yusufu.

Ndinagula, ndipo ndinali ndi chifukwa. Malire a munda wa mayi anga ndi wa a Chimpeni anali chulu. Chaka chatha a Chimpeni anaumba njerwa chulu chonsecho. Malire athu tsopano ndi khitchini, ndipo ali pakhomo pawo. Chaka chino bambowo alowa m'munda wa mayi mizere itatu.

Ndinaganiza kuti munthu wosadziwa Chingerezi akaona chipepala chotere anjenjemera. Lachitatu ndinavala tayi, ulendo wa kumunda, mayi pambuyo.

"Bambo, nkhani yatha," ndinatero ndikutambasula mapu. "Zonse zili apa. Pepala silinama."

A Chimpeni anaika khasu pansi, napukutira manja m'thalauza.

"Chulu chija chili pati apa, akoleji?"

Ndinaloza chumuni.

"Nanga malire?"

Ndinaloza ngalande ya utoto.

Analondola ngalandeyo ndi chala, pang'onopang'ono. Nkhope yawo inayamba kuwala.

"Ehe! Si iyi yakhotera kwanuyi? Ndiye kuti ndakhala ndikudzibera ndekha! Kwatsala mizere ina iwiri."

"Pepani bambo, kunena zoona mapuwa ndi a ku Ulaya..."

"Iyayi mwanawe, pepala silinama. Mwanena nokha, mayi anu akumva."

Mayi anamvadi. Anangoti, "Miyezi isanu ndi iwiri ija ukanangolima."

Paja akulu anati chenjerechenjere sakupha nsomba. Ndavomera. Koma musanathe kuseka, ndikufunseni: malire a munda wanu ali pati? Pamtengo wa mango umene mlamu wanu akuuyang'ana ndi maso a makala? M'mutu mwa amalume amene akutsokomola kuyambira mu Juni?

Oluka nsalu aja anafa kalekale. Mwina mafakitale awo anagwa, mwina nsalu zawo zinatha ndi njenjete. Koma chimbudzi cha nyumba nambala 14 ndingakuonetseni lero ndili ku Dowa kuno. Ife munda wodyetsa banja lonse timausungitsa kwa chiswe.

Nkhaniyi ikakambidwa kwa amfumu Loweruka. Mboni ya mayi ndi chulu chimene kulibe. Mboni ya a Chimpeni ndi mapu anga, poti anawatenga kuti akawasunge bwino.

Mizere isanu ili pachiswe, ulemu wa koleji unapita. Zonsezi ndinazigula ndekha pamtengo wa K500, ndipo machesi aja ndinaiwala.